Kukonza tsiku la ophunzira a kuyunivesite kwathu kuchigwa m'chilimwe: yambani mwafunsa dzuwa

Ulendo woyamba umene ife ana a kuchigwa ophunzira m'mayunivesite tidakonza tsiku lokacheza ndi azing'ono athu a kusekondale, tidaika msonkhano 1 koloko masana, mwezi wa Okutobala, pabwalo la mpira lopanda ngakhale kamtengo. Ndandanda yake tidailembera ku Zomba, komwe nthawi imeneyo munthu umakhala panja osadandaula. Pofika 2 koloko ana anali atabalalikira kuseri kwa makalasi kusaka mthunzi, mtsikana wina wa Fomu 3 atakomoka, mlendo wolemekezeka asanatulukire. Agogo ena amene adabwera kudzaonerera adandikodola n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mwana iwe, udabadwira kuno?"

Chaka chotsatira tidabwereza ndipo zidayenda. Zimene ndalemba pano ndi zomwe tidaphunzira pakati pa maulendo awiriwo. Ndikulembera inu a ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni, MUST ndi makoleji ena, amene kwanu ndi ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo mukufuna kutsika phiri chilimwe chino kukachita kanthu kwanu.

Choyamba: khalani ochepa, ndipo mudziwe chimene mukupitira

Ngati muli pagulu la WhatsApp la ana a boma lanu, mukudziwa kale mmene limakhalira. Nkhani ikaponyedwa aliyense amavomera, ena mpaka kulonjeza jenereta ya amalume awo, koma tsiku lonyamula mabenchi mumapezeka muli anayi. Musadikire gulu lonse. Sankhani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene amayankha foni, aliyense asenze katundu wake: wa ndalama, wa makalata ndi mafumu, wa madzi ndi mthunzi, wa zokamba, wa masewera. Awiri mwa iwo akhale anthu ogona kumudzi komweko, monga mphunzitsi wa pasukulupo ndi mnyamata kapena mtsikana wa m'kalabu ya achinyamata. Inu muli ku Bunda kapena ku Mzuzu simungadziwe kuti mjigo wa pasukulu udathyoka sabata yatha.

Mukatero gwirizanani cholinga chimodzi. Kukampasi tidazolowera social weekend, komwe disiko, mpira ndi mipikisano zimaunjikana tsiku limodzi, ndipo chiyeso chimakhala chonyamula zonsezo n'kukazitula kumudzi. Ine ndimati cholinga chikhale ichi basi: mwana wa pa CDSS ya kwanu abwerere kunyumba akudziwa njira yeniyeni yofikira kumene inu muli. Nsima yake ndi imeneyo. Mpira, magule ndi nazale ya mitengo ndi ndiwo.

Chachiwiri: tsiku

Chilimwe n'chowawa koma chili ndi zabwino zake. Misewu ya fumbi ya ku Chapananga kapena ya tsidya la kum'mawa kwa Shire, ku Livunzu, Masenjere mpaka Muona, imakhala youma, ndipo mitsinje imene imatsekera anthu m'dzinja imakhala mchenga wokhawokha. Komanso chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, choncho ana a Fomu 4 amakhala akadali ndi miyezi yambiri asanakhale pa mayeso a MSCE. Mukapita mu Meyi mumakakamba ndi munthu amene watsala ndi masabata owerengeka, woti malangizo anu angomuwonjezera mantha.

Sankhani Loweruka la kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Mukalowa Novembala kutentha kumakhala kwafika pachimake, anthu ali kalikiliki kusosa, ndipo chizimalupsa chikhoza kukugwerani muli pabwalo. Funsani tsiku la msika wapafupi, chifukwa ana ambiri amatumidwa kukagulitsa ndipo makolo simungawaone. Funsaninso ngati deralo lili ndi anthu ambiri opemphera Loweruka. Ngati ndi choncho, pemphani ahedi akupatseni Lachisanu m'mawa. Sabata ya pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, imathandiza chifukwa anzathu ogwira ntchito m'tauni ambiri amatsika kudzaona amayi awo, koma tsiku lenilenilo lisiyeni, si lanu.

Makalendala a mayunivesite samayendera limodzi. Ena amakhala ali pa tchuthi, ena ali m'kati mwa mayeso. Musasake tsiku lokomera onse, silipezeka. Wa ku Blantyre kapena ku Thyolo akhoza kutsika Lachisanu madzulo, pakuti kuchoka ku Blantyre kufika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha. Wa ku Mzuzu atumize ndalama ndi moni.

Khalaninso ndi tsiku lachiwiri m'thumba. Maliro sapanganika, ndipo m'mudzi mukagwa zovuta palibe ng'oma kapena chimkuzamawu chimene chingalire, ngakhale mutalipira kale zonse.

Chachitatu: ahedi, mafumu ndi ena oyenera kumva musanalengeze

Apa ndi pamene ambiri timapunthwa, chifukwa timayamba ndi chithunzi chokongola cha pa Facebook eni dera asanamve. Yambani ndi ahedi a sukulu, kutatsala mwezi ndi theka. Iwo akuuzani ngati pakufunika kalata yopita ku ofesi ya maphunziro kuboma, ndipo akulumikizani ndi apampando a PTA komanso amayi a mother group. Anthu amenewa ndi amene adzatunge madzi, kuphika thobwa ndi kuitana makolo. Popanda iwo mudzangokhala alendo pakwanu.

Kenako kwa anyakwawa. Pitani ndi miyendo, osati pafoni, ndipo musapite nokha ana okhaokha. Tsaganani ndi apampando a PTA kapena munthu wamkulu wa kubanja kwanu, ndiye ayambe kulankhula. Atsikana mangani chitenje. Anyamata vulani chipewa, magalasi a dzuwa alowe m'thumba, timawaya ta m'makutu tichoke. Khalani pamene akulozerani. Kwa mfumu sapita chimanjamanja, koma musadzipangire nokha chonyamula. Funsani wamkulu amene mwatsagana nayeyo, akudziwa chimene chimayenera kumeneko. Anyakwawa ndiwo akutsogolereni kwa agulupu, ndipo agulupu aona ngati nkhaniyi iyenera kufika kwa mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Ngabu, Maseya, Makhwira, Tengani, Mbenje kapena Mlolo. Musadumphe makwerero ngakhale mfumu yaikuluyo ndi mnansi wanu.

Lankhulani chilankhulo cha pamalopo. Mudachoka kuno mukunena kuti "takhuta", musabwerere ndi Chingerezi cha m'mphuno. Ngati Chisena kapena Chimang'anja chanu chachita dzimbiri, lankhulani chadzimbiricho, akusekani pang'ono n'kukukondani.

Makalata ena atatu ndi aafupi: ku polisi yapafupi, kuwadziwitsa za kusonkhana kwa anthu, kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, kupempha wazaumoyo mmodzi adzakhale nanu, ndi ku ofesi ya achinyamata kuboma. Apolisi a m'mudzi apempheni kudzera kwa anyakwawa, adzakuthandizani nthawi ya mpira.

Nanga aphungu ndi akhansala? Adziwitseni mwaulemu. Akafuna kuthandiza landirani, koma nenanitu poyera kuti pamalopo sipadzavalidwa nsalu ya chipani chilichonse, chifukwa sukulu ndi ya ana a anthu onse ndipo ahedi ndi amene adzatsale akuyankha mafunso inu mutakwera phiri. Kunena zoona, ine sindionanso phindu la mlendo wolemekezeka wochokera kutali. Namwino, mlangizi wa ziweto kapena injiniya wobadwira m'dera lomwelo, woti ana amadziwa nyumba ya amayi ake, amaposa bwana aliyense wa galimoto yaikulu. Ndipo aliyense amene mwamuitana muuzeni kuti mwambo udzayamba nthawi yake, iye alipo kapena palibe.

Chachinayi: mthunzi ndi madzi

Gawo ili ndi limene tidagwa nalo, choncho ndichedwapo. Ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40. Izi tonse timazidziwa, koma zaka ziwiri za kumtunda zimaiwalitsa thupi.

Tumani munthu wanu wa kumudzi akaime pamalopo 8 koloko m'mawa, 10 koloko ndi 4 koloko madzulo, aone kumene mthunzi ukugwera nthawi iliyonse. Makalasi a malata musawadalire. Ikangodutsa 10 koloko amasanduka uvuni. Tenti yapulasitiki yotsika nayo imasunga kutentha, ndipo kubwereka kwake n'kodula. Mitengo ya nimu, bwemba kapena mtondo imene ili pasukulu ndiyo holo yanu. Pamene mitengo yachepa, makolo akhoza kumanga chisakasa cha udzu kapena masamba a mgwalangwa m'masiku awiri, ndipo chimatsalira sukulu.

Ndandanda ya tsikulo igonjere dzuwa. Ife tidaiyala motere: ntchito ya panazale kuyambira 6:30 m'mawa, zokambirana kuyambira 7:30 mpaka 10:30, kenako aliyense kwawo kapena pamthunzi mpaka 3 koloko, masewera ndi magule kuyambira 3:30 mpaka 5:30. Anzathu ena adakana, amati anthu akabalalika masana sabweranso. Adabwera, ndipo adachuluka kuposa m'mawa, chifukwa makolo amene adalawirira kudimba anali atabwerako ndi kupuma. Ana ochokera kutali asiyireni kalasi yotsegula mawindo kapena chisakasa choti agonemo masanawo, mphunzitsi ali pafupi.

Madzi werengerani malita osachepera awiri pa munthu aliyense kwa m'mawa wokha, ndipo osewera mpira muwaikire awo padera. Mijigo yambiri ya kuchigwa ili ndi madzi amchere, ndiye funsani amayi kuti wa madzi okoma uli kuti. Ngati uli kutali, pezani ngolo ya ng'ombe itute zigubu dzulo lake madzulo, zigone pamthunzi zitafunditsidwa masaka onyowa. Wazaumoyo uja athire klorini. Madziwo akhale m'ndowa za mpopi, osati mumtsuko woti aliyense aviikemo kapu. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 sitinauiwale. Uzani ana abwere ndi botolo kapena kapu yawo. Pafupi ndi zimbudzi paikidwe ndowa ina ndi sopo.

Wa madzi ndi mthunzi adziwe zizindikiro za munthu amene dzuwa lamugonjetsa: chizungulire, mutu, nseru, kufooka, thukuta losaleka. Wotereyo mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zothina, mupukuteni ndi nsalu yonyowa uku mukumukupiza, ndipo ngati akutha kumeza amwe pang'onopang'ono. Khalani ndi mapaketi a Thanzi. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Akasowa, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Koma munthu akayamba kubwebweta, kapena akakomoka osatsitsimuka, thupi lili moto, musamuthire madzi m'kamwa ndipo musadikire. Pitirizani kumunyowetsa thupi muli paulendo wa kuchipatala. N'chifukwa chake wa njinga yamoto kapena galimoto mumupangane dzulo lake, akhale pomwepo ndi mafuta m'thanki.

Za chakudya musadzipanikize. Mpunga ndi nyama za anthu 300 zidzakudyerani bajeti yonse, ndipo chophika chikakhala maola angapo pakutentha kotero chimasasa. Thobwa lophikidwa ndi amayi a mother group, mabanzi ndi madzi a malambe kapena bwemba n'zokwanira. Ogulitsa mandasi ndi mafilizesi aloleni abwere, nawonso apezepo kangachepe.

Chachisanu: ndalama

Lembani zofunika zonse musanapemphe munthu: mayendedwe a okamba, shuga ndi ufa wa thobwa, ngolo ya madzi, machubu a nazale, mipira, kusindikiza mapepala, kangachepe ka oimba ng'oma. Yambani mwasonkha nokha. Kalata yopempha thandizo imalemera ikamanena kuti eni ake aponyapo kale zawo.

Makampani ndi mabungwe ogwira ntchito kuchigwa, monga Illovo ku Nchalo kapena oyang'anira nkhalango ya Majete, alembereni kutatsala mwezi, ndipo mupemphe chinthu chooneka: mipira iwiri, makope, kapena wantchito wawo mmodzi adzayankhule. Eni magolosale a pa Dyeratu kapena pa Bangula musawadumphe. Thumba la shuga limachokera kwa oterowo.

Ndalama zilowe pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo aliyense akatumiza, wosunga alembe pagulu tsiku lomwelo. Potapa pakhale anthu awiri. Kumbukirani kuti kutapa kumadula, muikiretu m'bajeti. Za alawansi nenanitu kumayambiriro kuti palibe, kwa okamba ndi kwa wina aliyense. Kukhumudwitsa munthu lero kuli bwino kusiyana ndi kukangana naye pabwalo ana akuonerera. Chimkuzamawu m'mawa simuchifuna n'komwe, mumva chifukwa chake.

Chachisanu ndi chimodzi: zoti mukanene

Musaunjike ana onse pamodzi kuti azimvera anthu khumi akulankhula motsatizana. Pofika wachitatu amakhala akuwodzera. Agaweni m'magulu a ana 15 kapena 20, gulu lililonse pansi pa mtengo wake, inu muzisinthana mitengo pakatha mphindi 20. Limu ya galimoto ija imene amaimenya ngati belu ikuthandizani kusunga nthawi. Pagulu laling'ono mwana wamanyazi amafunsa, ndipo mafunso enieni amatuluka kwa amanyaziwo.

Mtengo uliwonse ukhale ndi nkhani yake, koma pali zinthu zimene mwana aliyense ayenera kuzimva asanachoke.

Mapointi. Mungadabwe kuchuluka kwa ana a Fomu 4 amene sanafotokozeredwe bwinobwino. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, 9 ndi kulephera. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri. Kuti afunsire malo kuyunivesite ya boma ayenera kukhala ndi ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Apa tsindikani. Mwana akhoza kupeza 1 pa Agriculture ndi 2 pa Biology, koma 7 ya Chingerezi imamutsekera chitseko. Lembani zitsanzo ziwiri kapena zitatu pabolodi, awerengere okha. A Fomu 2 ndi Fomu 3 auzeni kuti udokotala ndi uinjiniya zimafuna masamu ndi sayansi zamphamvu, asazithawe lero n'kudzalira mawa.

Kafunsidwe ka malo. Kumayunivesite a boma ana amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo amasankha maphunziro angapo motsatana ndi kufuna kwawo. Ambiri amadzaza mizere yonse ndi maphunziro otchuka okhaokha, zamalamulo ndi udokotala, komwe mpikisano ndi woopsa, n'kutsala ali ndi mapointi abwino. Aphunzitseni kusakaniza. Sindikizani ndandanda ya maphunziro ndi zofunika zake kuchokera pa chilengezo chaposachedwa cha NCHE, musiyire ahedi makope awiri.

Ndalama za sukulu. Bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB lidayamba mu 2015. Auzeni kuti ndi ngongole, imabwezedwa, siipatsidwa kwa aliyense wofunsira, ndipo siikwanira zonse. Nenani zoona za lendi ya kunja kwa kampasi ndi masiku ogona ndi tiyi. Nkhani imeneyi ndi ya makolonso, choncho akhale ndi mtengo wawo, wokamba wake wodziwa Chisena bwino. Bambo amene akudziwa chaka chisanathe kuti mwana wake angasankhidwe amasunga mbuzi ziwiri kapena ndalama ya thonje. Wodzidzimutsidwa amagulitsa ng'ombe pamtengo wolira.

Pokamba za ntchito, musapite kutali. Chigwa chomwechi chadzaza zitsanzo zoti mwana amaziona ndi maso. Magetsi a ku Kapichira, amene namondwe Ana adawazimitsa mu Januwale 2022, adakonzedwa ndi mainjiniya, ndipo uinjiniya amaphunzitsa ku MUBAS ndi ku MUST. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira komweko idzafuna anthu odziwa za mthirira, ndipo ng'ombe za ku Ngabu zimafuna madokotala a ziweto. Zonsezi zili ku LUANAR. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2003 n'kubwezeretsamo zipembere ndi mikango, komanso ku Lengwe ndi ku Mwabvi, kumafunika odziwa za nkhalango ndi zokopa alendo, zomwe Mzuni imaphunzitsa. Ndipo ana amenewa madzi osefukira sawamvera pawailesi. Adaona a 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Ena makalasi awo omwewo adasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Mukawauza kuti ku MUST, pamwamba pa phiri pomwepa ku Thyolo, kuli maphunziro a zanyengo ndi a kuthana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, amatchera khutu mwa mtundu wina.

Si onse adzafike kuyunivesite, ndipo kunamizira kuti adzafika onse n'kuwalakwira. Mtengo umodzi ukhale wa makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, makoleji a uphunzitsi ndi a unamwino, monga ya Trinity ku Muona konkuno. Pezani wowotcherera zitsulo kapena wamagetsi amene adadzera njira imeneyo adzakambe yekha.

Atsikana akhale ndi nthawi yawoyawo, ndi ophunzira aakazi okhaokha pamodzi ndi amayi a mother group, amuna atatalikira. Kumeneko kumatuluka nkhani zimene sizingatuluke pagulu: kukakamizidwa ukwati, aphunzitsi kapena anyamata a kabaza owavutitsa, kujomba masiku a kumwezi. Adziwe kuti malamulo a dziko lino salola ukwati munthu asanakwane zaka 18, ndiponso kuti mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Mukamva nkhani yolemera, musaithetse nokha. Amayi aja ndi ahedi akudziwa kopita nayo.

Pomaliza gawo ili, kamawu kwa inu okamba. Ana adzayang'ana nsapato zanu ndi foni yanu musanatsegule pakamwa, ndiye musaonjezere. Nkhani za madisiko a kukampasi zisiyeni kumtunda. Ngati mudalemba MSCE kawiri, nenani. Ngati munkawerengera tochi ya foni ya amalume, kapena mudasankhidwa maphunziro amene simudawafune n'kuwakonda pambuyo pake, nenani. Pa ulendo wathu wachiwiri uja, mtengo umene ana adakana kuchokapo belu litalira unali wa mnzathu amene adayamba ndi mawu oti, "Ine Fomu 4 ndidabwereza, masamu ndidapeza 9."

Chachisanu ndi chiwiri: nazale

M'chilimwe sitibzala mitengo, ingapse. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala, choncho ntchito ya Seputembala ndi Okutobala ndi yofesa m'machubu kuti mbande zidzakhale zitakula mvula ikakhazikika. Itanani mlangizi wa zankhalango wa m'deralo atsogolere. Dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi mchenga pang'ono ndi manyowa owolerana, omwe kuchigwa sasowa m'makola. Njere za msangu zili ndi khungu lolimba, zitemeni pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo musanafese. Za nimu zimafuna zatsopano, zogonera miyezi sizimera bwino.

Musatengeke ndi chiwerengero choti chikakome pachithunzi. Machubu 200 othiriridwa m'mawa ndi madzulo amaposa 2,000 ouma. Nazale ikhale pafupi ndi madzi osakhala amchere, pamwamba pakhale kadenga ka udzu, ndipo mpanda wa minga umangidwe tsiku lomwelo, chifukwa mbuzi za kwathu sizidikira komiti. Musanachoke padziwike kalabu kapena kalasi imene izithirira, ndi mphunzitsi woiyang'anira.

Chachisanu ndi chitatu: madzulo

Ikamakwana 3:30 dzuwa limakhala lapendeka, ngakhale nthaka ikadali yotentha kwa osewera opanda nsapato. Mpira wa manja ndi wa miyendo ziyambe nthawi imodzi, kuti atsikana asakhale ongotsegulira anyamata bwalo. Chigawo chilichonse cha mpira wa miyendo chikhale mphindi 25 kapena 30, ndi kapumidwe komwa madzi pakati. Timu ya ophunzira a kuyunivesite isewere ndi ya pasukulupo. Mudzagonja, ndipo anawo adzaikamba nkhaniyo mpaka Khirisimasi. Woimbira achokere mudzi wina. Mphoto ikhale mpira, makope kapena masamu seti. Ndalama zimabala ndewu.

Magule pemphani magulu a m'mudzi momwemo kudzera kwa anyakwawa, kaya ndi utse, likhuba kapena oimba ulimba, malinga ndi zimene kwanuko amavina. Apatseni nthawi yeniyeni, osati mphindi zisanu zodikirira kuti osewera apume, ndipo madzi ndi thobwa ziwafike iwo poyamba. Inunso lowani m'bwalo. Makolo amafuna kuona ngati sukulu idakusiyirani chiuno.

Pofika 5:30 tsekani. Miyezi imeneyi dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane kwenikweni, ndipo ana ena ali ndi mtunda woyenda. Owoloka Shire pa bwato anyamuke kukadali kowala ndithu, ngakhale mpira usanathe. Ng'ona ndi mvuu zilibe nazo ntchito zoti zigoli zikufanana. Disiko ya usiku ikaneni ngakhale anyamata akuchondelereni, ndipo mowa usaoneke m'manja mwa aliyense wa gulu lanu. Chilichonse choipa chochitika mumdima usiku umenewo chidzatchedwa dzina lanu, ndipo chaka chamawa anyakwawa sadzakulandirani.

Mawa lake

Lamulungu m'mawa bwezani mabenchi ndi ndowa kwa eni ake, tolani mapepala a mafilizesi pabwalo, lipirani wa ngolo ndi wa njinga yamoto. Pitaninso kwa anyakwawa ndi kwa ahedi kukathokoza ndi kutsanzika, ndi wamkulu yemwe uja. Wosunga ndalama aponye pagulu ndandanda ya zolowa ndi zotuluka pasanathe masiku atatu, ndi zithunzi za malisiti, ngakhale yotsala ikhale K500.

Mayina a ana a Fomu 4 atsale ndi mphunzitsi wa m'komiti mwanu, ndipo kulumikizana konse kuzidzera pafoni yake. Mnyamata wa gulu lanu asatenge nambala ya mtsikana wa sukulu pa chifukwa chilichonse. Gawanani anawo, aliyense atatu kapena anayi oti aziwafunsa za mayeso a teremu ndi kuwatumizira mapepala a mayeso akale. Sankhaninso munthu mmodzi woti tsiku limene NCHE kapena HESLGB yalengeza zofunsira aimbire ahedi tsiku lomwelo, pakuti nyuzipepala kumeneko imafika mochedwa ndipo netiweki imagwira pachulu. Amene adzatsike pa Khirisimasi akaone nazale, awerenge mbande zamoyo, auze gulu nambala yake yeniyeni.

Pobwerera kumtunda kwerani minibasi ya m'mamawa. Ya masana imakonda kuwira injini pokwera phiri kuchoka pa Thabwa, ndipo Lolemba muli ndi kalasi.